Msinkhu wa Amayi Ake

Modester atafika pakati pa nyimbo, mawu anamuthera pakhosi. Anzake a m'kwaya anayang'anizana. Loweruka linali pafupi, tsiku lovundukula chiliza cha amayi ake ku manda a ku Unit L, ndipo bambo ake anali atapempha kuti nyimbo imene malemuwo ankaikonda aiimbe iye yekha.

"Handikwanise," anatero m'Chishona, maso ali pansi. "Sindingathe, anti. Mupatseni Nyaradzo."

Anti Florida, amene ankatsogolera kwaya ya achinyamata pa tchalitchi chawo ku Zengeza, kufupi ndi Harare, anauza enawo kuti azipita. Iwo ankagwira ntchito kuchipatala, yophunzitsa odwala kuyendanso, choncho thupi la munthu silinkawabisira kanthu.

"Taima bwino ndikuone."

Modester anatukumula chifuwa, nakokera mapewa kumbuyo, chibwano m'mwamba, monga ankachitira pa asembule kusukulu.

"Iwe, ndati uime, sindinati ulowe usilikali," anaseka anti Florida. "Gona apa chagada."

Anamugoneka pamphasa, mawondo atapinda, buku la nyimbo lili kunsi kwa mutu.

"Usachite chilichonse. Ungomvetsera pamene walimbitsa, kenako uleke. Khosi ulisiye. Msana utalika wokha."

Poyamba Modester ankangomva kuzizira kwa simenti. Kenako anazindikira kuti wakukuta mano, ndipo mapewa ake ali m'mwamba ngati akudikira kumenyedwa. Anawaleka pang'onopang'ono, mpweya n'kutsika mpaka m'mimba.

Ali chigonere, anakumbukira amayi ake akuchokera kumjigo masiku amene mipopi inkauma. Ankayenda ndowa ili pamutu osaigwira, akuimba chapansipansi, akuzemba makombi onyamula anthu ndi matebulo a ogulitsa tomato, madzi osatayika ngakhale dontho. Mutu wawo unkaonekera pamwamba pa mipanda ya anthu, moti ana a mumsewu ankathamangira kudzamuuza kuti amayi ako akubwera, iwo adakali kutali. Iye ankawatsatira ndi kachigubu, akutambasula miyendo kuti aziponda m'mapazi awo.

"Unayamba liti kudzipinda chonchi?" anafunsa anti Florida.

Modester anayankha maso ali kudenga.

"Chaka chatha, nditatalika. Tsiku lina ndinalowa pageti ndowa ili pamutu. Ababa atandiona anagwetsa kapu ya tiyi, n'kuzungulira kuseri kwa nyumba. Ndikawongoka ndimafanana ndi amayi, anti. Sindifuna kuwapweteka mtima."

Anti Florida anamugwira pakhosi ndi dzanja lofunda.

"Mawu sadutsa panjira yopindika, mwanawe. Dzuka, osafulumira. Usanatsegule pakamwa, uziyamba wadikira. Ukamva mapewa akukwera, usalimbane nawo, uzingowaleka."

Masiku otsatira ankayeserera potsuka mbale, pokhala m'kalasi, ngakhale atapanikizika mu kombi. Zinkatheka ndithu. Koma akangomva bambo ake akutsegula geti, khosi linkalowanso m'mapewa.

Loweruka achibale anadzaza kumanda, ena ochokera ku Manyame Park, ena ku Harare. Nsalu yoyera itachotsedwa pachiliza, abusa anamukodola Modester. Bambo ake anaima moyang'anizana naye, chipewa chili m'manja.

Modester anamva mapewa akukwera ngati kale. Anthu anadikira, wina n'kutsokomola. Iye sanafulumire. Analeka nsagwada, naleka khosi, ndipo msana unawongoka wokha mpaka anayamba kuona pamwamba pa mitu ya anthu.

Bambo ake anadzutsa maso. Modester anatsala pang'ono kudzipindanso. Koma iwo sanayang'ane kumbali. Pamenepo Modester anaimba, mawu akutuluka opanda chowatsekereza, mpaka azakhali ake anayamba kuvomereza okha akupukuta misozi ndi chitenje.

Mwambo utatha, bambo ake anabwera pomwe anaima. Kuti amuyang'ane m'maso anachita kukweza nkhope pang'ono.

"Kodi unatalika liti chonchi?"

"Kalekale, ababa."

"Ndiye unkandibisira?"

Modester anangomwetulira mwamanyazi. Bambo ake anapukuta m'maso ndi chipewa chija, osasamala kuti anthu akuwaona.

"Tsiku lija ndinathawa ndine, osati iwe," anatero. "Usadzadzipindenso chifukwa cha ine. Uziima chonchi, ndizikuona."