Nkhandwe Yomaliza ya M'dambo

Effie anapeza bambo ake, a Fackson, atanjuta kuseri kwa nyumba yawo ku lokeshoni ya Glen Norah, akupaka mankhwala a makoswe pa mitu ya nkhuku. Pakhomo la khola panali nthenga zokhazokha. Nkhandwe inali itagwiranso nkhuku ina.

"Bambo, chonde musaiphe," anatero Effie. "Yatsala yokhayo m'dambo monse muja."

"Ndiye ndiziidyetsa ine? Ndi mlamu wanga kodi?"

Dambolo linali kumapeto kwa mzere wa nyumba zawo. Kale udzu wake unkabisa munthu wamtali, koma tsopano masitandi, malo ogawidwa omangapo nyumba, anali atalidya mbali zonse, apa njerwa, apo mulu wa mchenga. Kachigawo kotsalako n'komwe amayi ake a Effie, a Lidiya, ankalimako chimanga. Chiwachotsereni ntchito bambowo ku fakitale ina ya ku Southerton, banja lonse linkadalira kamunda kameneko.

Effie anawafotokozera za kanema amene anaonera kusukulu. Ku Mongoliya, dziko la udzu wokhawokha, abusa amagona m'mahema n'kumasamuka ndi ziweto zawo. Abusa ena a m'kanemamo anapha mimbulu yonse chifukwa inkawagwirira nkhosa. Mimbulu itatha, tinyama tokumba mauna tinaswana kwadzaoneni, ndipo msipu unayamba kutha.

A Fackson anaseka mpaka kutsokomola.

"Mongoliya! Kombi yake amakwerera pati, pa depoti ya ku Mbare? Iwe mwana, sukuluyi ikukusokoneza mutu. Ndipo mbewa zikachuluka vuto lili pati? Agogo ako anachoka ku Dedza kubwera m'dziko lino atakulira mbewa. Kwathu imeneyo ndi ndiwo!"

Effie zinamuwawa kwambiri, koma munthu ungatsutsane ndi bambo ako mpaka pati? Anangolowa m'nyumba misozi ili m'maso. Patapita masiku ochepa, ana oponya mpira anaipeza nkhandweyo itauma pafupi ndi ngalande, yowonda, nthiti zili pamtunda. A Fackson anayenda chifuwa chili patsogolo sabata yonse.

Mvula inagwa bwino chaka chimenecho, ndipo chimanga cha a Lidiya chinabereka mosiririka. Mbewa nazo zinabwera. Poyamba a Fackson anakondwa zedi. Ankatchera misampha, kuwamba mbewazo n'kumagawirako anzawo a pa bawo. Koma akagwira khumi, kukacha ankapeza mauna atsopano mizere yonse. Mbewa zinkakwera mapesi dzuwa likuswa mtengo, zopanda ndi mantha omwe, poti woziopseza kunalibenso.

Tsiku lokolola, banja linapita kumunda ndi matumba ambiri. A Lidiya ankati akasenda chimanga, n'kupeza chitsononkho chokha. Asendenso china, chimodzimodzi. Pomaliza anakhala pansi pa mzere, naphimba nkhope ndi chitenje. Zonse zimene anakolola sizinadzaze ngakhale thumba limodzi.

Effie ankaganiza kuti tsiku ngati limeneli adzanena kuti, "Ndinakuuzani." Koma atawaona bambo ake ataima chilili, chitsononkho chili m'manja, anangowamvera chisoni. Kutsidya kwa ngalande amisiri anali kalikiliki kukhoma malata pa nyumba ina yatsopano.

"Effie," anaitana bambowo motsitsa mawu, osamuyang'ana. "Abusa ako a ku Mongoliya aja, msipu utatha anatani?"

"Anagulitsa ziweto zotsala, bambo. Anapasula mahema n'kusamukira m'tauni."

A Fackson anayang'ana kamunda kawo, kenako masitandi amene anakazungulira mbali zonse.

"Iwowo bola, anali ndi tauni yothawirako," anatero. "Nanga ife amene tili kale m'tauni, tipita kuti?"

Anawerama, nanyamula thumba losadzazalo okha, osalola kuti wina awathandize.