Sanda ya Abiti Maulidi

Chaka cha 1969 Chisoni wanga anali adakali kamwana koyenda pang'onopang'ono. Tsiku lina madzulo, ine ndikupeta mpunga pakhonde, anagwera pamoto ndipo mwendo wonse wakumanzere unapsa. Tinathamanga naye ku kachipatala kena m'chigwa cha Domasi. Ndikuti chipatala pongochilemekeza. Chinali chipinda chimodzi chachitali, mabedi ochepa, nyali imodzi, ndi kabati yomwe munkakhala mphemvu zambiri kuposa mankhwala.

Amene anatilandira anali Iness, mtsikana wophunzira unamwino. Anabadwira ku Halale, mwana wa mtchona, ndipo anabwera kuno patchuthi kudzathandiza mwaulere. Chichewa chake chinali chokhotakhota moti odwala ankaseka mpaka mabala kuwawa. Koma manja ake anali ofewa. Anali ndi diresi limodzi loyera la ntchito, ndipo ankalinyadira ngati la ukwati.

Atayang'ana mwendowo anati bala lotere likasiyidwa poyera, ntchentche zimumaliza mwanayo. Mabandeji anali atatha kalekale. Anandituma kukatunga madzi. Pobwera ndinamupeza akuwiritsa nsalu yoyera, yatsopano, imene anaipeza itapindidwa pansi m'kabati. Itauma anaing'ambang'amba n'kukulunga mwendo wa Chisoni. Ine ndinathokoza Mulungu, mwana n'kugona.

Pabedi loyandikana nafe panagona mayi wina wokalamba wachisilamu, Abiti Maulidi. Chifuwa chinali chitawatha ndipo sankalankhulanso. Usiku wonsewo maso awo anali pa mwendo wa mwana wanga. Mawa lake masana anamwalira.

Abale atafika anafunsa kamtolo kamene mayiwo anasungitsa m'kabati poopa makoswe. Inali sanda yawo, nsalu yokulungira mtembo. Anaigula okha ku Songani zaka zambiri zapitazo ndipo ankayenda nayo kulikonse. Iness sankadziwa zimenezi. Kwawo ankangoona maliro a m'bokosi. Anatulutsa kachidutswa kotsala. Abalewo sanakalipe. Bambo wina anayang'ana mwendo wa Chisoni, kenaka n'kuyang'ana pansi. Anzathu achisilamu sagoneka maliro, choncho anawaika tsiku lomwelo m'nsalu zolumikizalumikiza zimene anapemphetsa m'mudzi.

Usiku umenewo kunazizira. Mphepo inkatsika kuchokera kuphiri. Odwala onse anali m'tulo. Iness anakhala pampando pafupi ndi nyali, maso atatupa ndi kulira. Agalu a m'midzi anauwa kwa kanthawi, kenaka onse zii.

Ndiye ndinamva chifuwa panja.

Chifuwa chimenecho ndinkachidziwa. Ndinali nditagona pambali pake. Chinachokera kumsewu, chinafika pamtengo wa mango, kenaka pakhonde. Pachitseko panamveka odi wapansipansi.

Kwathu kuno ngakhale mwana amadziwa kuti odi wa usiku suyankha usanadziwe mwini mawu. Ndinafuna kumugwira pakamwa Iness, koma anali kutali. Iye, ndi ulemu wake wa kusukulu, anati alowe.

Chitseko sichinatseguke. Mpiringidzo unali pomwepo. Koma nyali inachepa mphamvu, ndipo kumiyendo kwa bedi lathu kunaima munthu. Wamfupi, wowerama. Ankanunkha dothi lonyowa. Nsalu imene anafunda inali yoperewera, mapewa ali pamtunda, mapazi ali pamtunda.

Zala zake zinayamba kupapasa mwendo wa Chisoni. Zinapeza mfundo ya bandeji. Zinayamba kumasula.

Ndinkafuna kukuwa. Ndinangomukumbatira mwana. Thupi lake, lomwe linkatentha masana onse, linayamba kuzizira m'manja mwanga. Ndinadziwa kuti nsaluyo ikachoka, mwana wanga apita nayo. Mantha amene ndinamva pamenepo sindinawamvenso moyo wanga wonse.

"Ndikuzizidwa, ana inu," anatero Abiti Maulidi. "Ndadzatenga nsalu yanga."

Iness anaimirira.

"Amayi, musiyeni mwanayo. Ndinang'amba ndine." Anagwira diresi lake pachifuwa. "Iyinso ndi yoyera. Tengani iyi."

Zala zija zinaima. Mayiwo anatembenuka pang'onopang'ono. Anagwira m'mphepete mwa diresilo n'kulitikita ndi zala ziwiri, monga timachitira posankha nsalu m'sitolo. Anatero kwa nthawi yaitali. Kenaka anayamba kuyenda kulowera kukhomo, Iness ali pambuyo. Nyali inazima.

Sindinamve chitseko. Ndinakhala mumdimamo ndikumvetsera mpweya wa mwana, mpaka thupi lake linayambanso kufunda. Kutayamba kucha ndinadzuka kukayang'ana. Mpiringidzo ndinauchotsa ndekha, unali wotseka cha m'kati.

Amene anamupeza Iness anali amuna opita kumzikiti m'bandakucha. Anali atakhala m'mbali mwa manda a Asilamu, kumene akazi safikako, atavala pitikoti yokha, mapazi ali matope okhaokha. Mtumbira wa Abiti Maulidi unali bwinobwino, wosakhudzidwa. Diresi lija silinaoneke. Anamufunditsa jekete n'kumubweretsa. Atalowa sanapereke moni kwa aliyense. Anangopita kwa Chisoni, n'kumanganso mfundo ija, n'kuimangitsa kwambiri. Sabata yomweyo anakakwera basi pa Songani, ndipo sitinamvenso za iye.

Chisoni anachira. Lero ndi mayi wa ana ake. Mabandeji aja ndinawachapa, ndinawapinda, n'kupita nawo kwa abale a malemuwo. Anakana ngakhale kuwagwira. Anati nkhaniyo inatha pakati pa eni ake, iwo sangailowerere. Kuwataya ndinaopa, kuwatentha ndinaopanso. Ali m'sutikesi mwanga mpaka lero.

Anthu amene anagonapo m'kachipatala kaja pambuyo pake ankanong'onezana za namwino wina wa usiku. Akuti ndi wamfupi, wowerama, wopanda nsapato, ndipo diresi lake loyera limakokera pansi. Amayenda bedi ndi bedi kupapasa mabandeji a odwala, ngati akufuna ena ake. Ndinamufunsa mayi wina amene anamuona ngati amamasula. Anati ayi, amangogwira n'kupitirira.

Kuchokera pa chipatalacho kufika kwathu si patali. Ndikamva odi usiku, ine sindiyankha.