Mpando Wakumbuyo wa Njinga ya Owen

Tsiku limene Owen anafika pa galaja ya a Petro pa Nsaru, ngakhale mayi ake omubala sakanamuzindikira. Matope kuyambira kumutu mpaka kunsapato! Ankakankha njinga yake yamoto, anzake a kabaza akumukuwiza.

"Katswiri uja wagwa! Katerera wamulavula!"

Katerera ndi chitunda cha katondo kutsidya kwa mtsinje, mbali ya ku Kabudula. Mvula ikagwa, anyamata a njinga ankapikisanapo kuti aone wokwera mpaka pamwamba osaponda phazi pansi. Panalibe amene anakwanitsapo.

A Petro anali ku tauni. Amene anatuluka ndi sipanala m'manja anali mwana wawo, Esinati.

"Yatani njingayi, achimwene?"

Owen anangoti maso tuzu.

"Ndafunsa za njinga, inu. Pankhope pangapa sipanalembedwe yankho."

"Pepani... tayala lakumbuyo limangopota osagwira pansi. Ndigule lina?"

Esinati anakanikiza mpando ndi manja onse awiri. Njinga sinatsike n'komwe.

"Tayala mukulinamizira. Sipuling'i mwaimanga ngati mukanyamula ng'ombe! Ikalimba chonchi, tayala limangodumphadumpha ngati kamwana ka mbuzi. Ligwira bwanji nthaka lili m'malere?"

Anatembenuza mphete ya kunsi kwa sipuling'i, kuifewetsa. M'chitsulo cha pakati pake, chimene chimaletsa sipuling'i kubwerera mwaukali, anathiramo mafuta olemererapo. Tayala analiphwetsako mpweya pang'ono kuti lifutukuke pansi.

"Takhalanipo. Njinga iyenera kutsika zala zitatu mwini wake akakhala."

"Nanga ndikanyamula munthu?"

"Ndiye timayezera munthuyo."

"Munthu wake ndinu," anatero Owen.

Ha, mnyamata ameneyu pakamwa! Esinati anaseka, koma anakhalapo. Mtima wake unagunda kuposa injini.

Mawa lake foni ya Esinati inalira. Anali Owen. "Dokotala wanga, ndakwera Katerera osaponda pansi! Anthu angoti kukamwa yasa. Manja anuwo Mulungu anawaumba mosathamanga."

Ndani sakanagwa m'chikondi? Posakhalitsa "inu" anasanduka "iwe". Owen ankabwera ndi zitumbuwa zotentha, kumutchula "Sipanala wa mtima wanga", ndipo Esinati ankamugenda ndi chiguduli cha girizi uku akumwetulira. Lamulungu akaweruka ku tchalitchi ankapita kukaona Owen akukwera miyala ya kudambo pang'onopang'ono, ataimirira pa zopondera, tayala likunyambita mwala uliwonse. Esinati ankagwira pachifuwa. Kodi n'zoona chitsulo chingamvere munthu chonchi?

"Mpando wakumbuyowu ndi wako, Esi," Owen analonjeza. "Ena onse ndi makasitomala, mwini wake ndiwe. Fodya akangogulitsidwa, ankhoswe anga afika kwa bambo ako."

Kwawo kwa Owen kunali kutsidya kwa Katerera, ndipo Esinati anali asanapondeko. "Msewu ndi woipa, wokondedwa. Ndidzakutenga ukadzauma." Chikondi chimatseka makutu, abale.

Tsiku lina Owen anati, "Tailimbitsako sipuling'i pang'ono. Ndayamba kunyamula matumba a mtedza."

Esinati anakweza mphete dzino limodzi. Mwezi wotsatira Owen anapemphanso, mwezi winawo anapemphanso.

"Koma isakhale yogunda, Esi. Katundu wanga safuna kugwedezeka."

"Iii, ndi mtedza kapena mazira?"

Owen anaseka, koma maso anayang'ana kumbali. Esinati anagwira ntchitoyo ndi mtima wonse. Anasenzetsa njingayo thumba, kuyeza, kusintha mafuta, kuyezanso, mpaka inayamba kuyenda mofewa ngakhale italemedwa. A Petro ataiyesa anapukusa mutu.

"Mwanawe, iyi sindikanaitha ine."

Loweruka lina Esinati ananyamuka kupita ku chinkhoswe cha mnzake Dorothy mbali ya ku Kabudula. Chimvula chinagwa mmawa wonse. Galimoto imene anakwera itafika pamwamba pa Katerera, dalaivala anakana kutsika. Chitunda chonse chinali phala lokhalokha, ndipo kumunsi kunali njinga zitagonagona, eni ake akuzitukwana.

Kenako kumunsiko kunamveka mfuu.

"Patukani! Wodwala! Mayi wapakati!"

Esinati anaizindikira injiniyo asanaione. Owen! Kumbuyo kwake kunali mayi wofunda chitenje, atamumangirira kwa Owen ndi nsalu, mutu uli pamsana pake.

"Sangakwere," anatero dalaivala. "Ali yekha mwina, koma awiri? Awapha amayiwo!"

Owen sanathamange. Anabwera pang'onopang'ono, injini ikung'ung'udza motsitsa. Tayala lakumbuyo linalowa m'matope, linafutukuka, linagwira. Pa ngalande imene madzi anakumba, sipuling'i inameza bampu yonse ndi kubwerera mwaulemu, mayi uja osagwedezeka. Pa mwala woterera njinga inapendekeka, amayi ena anaphimba kumaso.

"Gwira pansi," Esinati ananong'ona. "Gwira, mwana wanga, gwira!"

Tayala linagwira ndithu! Njinga inatulukira pamwamba phazi la Owen lisanakhudze dothi. Nthungululu zinasweka. Abambo anavula zipewa. Esinati thupi lonse linachita tsembwe, misozi ili mbwembwembwe. Anali asanaonepo chinthu chokongola chotere, ndipo chinachokera m'manja mwake!

Owen anadutsa pafupi osamuona, kuthamangira ku chipatala.

Mayi wina wachikulire anafika pamwamba wapansi, akupuma mwawefuwefu, atasenza beseni.

"Amayi, mwayi wake wodwalayo kupeza wa kabaza wotere," anatero Esinati monyadira.

"Wa kabaza? Ameneyo ndi mkamwini wanga, mwanawe! Uyo ndi mkazi wake, Idah, mwana wanga. Mwezi ndi mwezi amapita naye kusikelo panjinga yomweyo, ndipo sanadandaulepo msana. Akuti anamukonzera ndi makaniko wina wa pa Nsaru. Mulungu amudalitse bambo ameneyo!"

Mtedza uja! Mtedza womalemera mwezi ndi mwezi, wosafuna kugwedezeka! Esinati anakhala pansi m'matope momwemo ndi diresi la chinkhoswe, nalira ngati mwana. Zinamupweteka koopsa. Koma chodabwitsa, pakati pa kulirako anapezeka akupempherera Idah.

Patapita masiku Owen anafika pa galaja, nkhope ili pansi. Nkhani ya mtsikana wolira pa Katerera inali itamupeza.

"Esi, wokondedwa, ndimafuna kukuuza..."

"Ali bwanji?"

"Ali bwino. Mwana wamkazi. Anamwino akuti tikanachedwa pang'ono, tikanataya onse awiri." Anadzutsa nkhope. "Unawapulumutsa ndiwe. Ndikhululukire, Esi. Ndimakukonda, Mulungu mboni!"

"Mulungu musiyeni apume, bambo."

Esinati anagwada pambali pa njinga. Anakanikiza mpando, anatembenuza mphete, anakanikizanso, anayeza ndi zala. Sanalakwitse. Atatha anaimirira n'kupukuta sipanala.

"Ndaitchera anthu atatu: inu, akazi anu ndi mwana kumsana. Ikagwira pansi ngakhale pa Katerera."

"Nanga iwe, Esi?"

"Mukawonjezera wachinayi ithyoka. Pitani, akukudikirani."