Mawu Amene Kamera Sinamve

Clelia anakumana ndi Ermete pansi pa denga lagalasi la situdiyo ya kanema ku Torino, tsiku limene mtsikana wosewera mwana wa mfumu anadwala. Ntchito ya Clelia inali kusoka zovala za osewera, koma diresi la wodwalayo linamukhala ngati anabadwa nalo.

Ankajambula nkhani ya m'buku lakalekale, lija ana asukulu amaliwerenga akuyasamula. Bambo Gastaldi, wotsogolera, anangomukankhira m'manja mwa Ermete, mnyamata wamtali womangirira lupanga lathabwa m'chiuno.

"Koma bwana, mawu ake sindikuwadziwa!" anatero Clelia.

"Mawu a chiyani? Kamera ilibe makutu, mwana iwe. Uzingogwedeza milomo, mawuwo tidzalemba pachikwangwani."

Ndi mmenedi zinkakhalira m'makanema opanda mawu a nthawi imeneyo. Wina ankatukwana akupsompsona dzanja la mnzake, wina ankamwalira akufunsa za nkhomaliro. Koma wojambula atayamba kupukusa kamera, Ermete anamuyang'ana Clelia m'maso.

"Clelia, duwa langa, mphesa zikapsa ndidzakukwatira."

Misozi ya Clelia inangoti mbwee! Bambo Gastaldi anawomba m'manja, akuti mtsikanayu ali ndi luso. Luso lake liti? Misozi ija inali yeniyeni.

"Dzina langa unalidziwa bwanji?" Clelia anafunsa akuweruka.

"Ukuganiza mabatani a jekete langa aja ankaduka okha?" anayankha Ermete, akumupatsira chokoleti m'dzanja.

"Wakuba iwe! Nanga mawu aja wawauzapo angati?"

"Ndilumbire? Ali ndi mwini wake mmodzi, ngale yanga. Ndiwe."

Kanema atatha, Ermete anaitanidwa ku Roma. Poyamba makadi ankabwera motsatizana: "Wapamtima, Roma ndi chipululu popanda iwe." Kenako anayamba kubwera mwa apo ndi apo. Kenako zii. Mphesa zinapsa, zinathyoledwa, vinyo wake anthu anamwa mpaka kuiwala.

Clelia anabwerera ku singano yake, koma mtima unali ku Roma. Anamusowa Ermete kosaneneka. Lamulungu lililonse ankakakhala m'holo momwe kanema wawo ankaonetsedwabe. Chikwangwani chinkati, "Tsalani bwino, ndikupita kunkhondo." Iye chikwangwanicho sankachiwerenga n'komwe. Ankawerenga milomo, n'kumalandira lonjezo lake mwatsopano pakati pa anthu osadziwa kanthu.

"Iwe, chithunzi chidzakuveka mphete?" ankamunyogodola Nives, mnzake wosoka naye. "Fiorenzo wophika buledi wakufunsira mpaka watopa. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, mwali!"

"Umuuze Fiorenzo afune wina. Ine ndili ndi mwini."

Fiorenzo anafunadi wina, nakwatira.

Kenako kunamveka kuti kwafika kanema watsopano wochokera ku Roma, wa buku linanso lotchuka, ndipo Ermete alimo. Clelia anavala diresi lake labwino ngati akukamuchingamira pasiteshoni. Anamukoka Nives mpaka pampando wakutsogolo.

Magetsi anazima, woyimba piyano anayamba. Uyo Ermete! Ananenepa pang'ono, koma maso anali omwe aja. Clelia anafinya dzanja la mnzake.

Ermete anagwada pamaso pa mtsikana watsitsi lalitali. Chikwangwani chinati, "Mfumukazi, ndikhululukireni." Koma milomo inanena zina, ndipo milomo imeneyo Clelia ankaidziwa kuposa pemphero la m'mawa.

"Duwa langa, mphesa zikapsa..."

Mawu anali omwe aja, koma dzina limene anayamba nalo silinalinso la Clelia. Kodi anadikirira zimenezi? Kodi lonjezo lake lija linali chabe njira yolizira atsikana pamaso pa kamera?

Pachinsalu paja, mtsikanayo anagwetsa misozi. Holo yonse inawomba m'manja.

"Koma mkazi uyu amatha!" ananong'oneza Nives. "Taona misoziyo, ngati yeniyeni."

"Ndi yeniyeni, Nives," anatero Clelia, osachotsa maso pachinsalu. "Nayenso wayamba kudikira mphesa."