Tisunge Akufuna Kukhala Afurodite

Uyu ndi Tisunge. Amakhala ku Govanhill, mumzinda wa Glasgow. Akufuna kukhala Afurodite.

Kusukulu kwawo kuli sewero. Ndi sewero la nthano za Agiriki akale. M'nthanozo, Afurodite ndi mulungu wamkazi wa chikondi ndi kukongola. Aphunzitsi anasankha Tisunge.

Tisunge anathamanga kukauza amayi ake. Anawapeza akusita bulauzi yakutchalitchi. Amayi anaika simbi pansi.

"Mulungu wamkazi? M'nyumba muno ayi. Mulungu ndi mmodzi."

Tisunge anakwiya. Anaponya chikwama pansi. Masaya anafufuma ngati mandasi.

M'mawa mwake aphunzitsi anati amayi akakanitsitsa, malowo apatsa Megan. Megan, mwana woiwala mawu uja! Tisunge anakwiya kwambiri.

Anakwiya m'kalasi. Anakwiya mumsewu. Anakwiyira mvula. Anakwiyira nkhunda za pamalo okwerera basi. Koma nkhundazo zinalakwanji?

Lamlungu anapita kutchalitchi, ali chikwiyire. Pakhomo panali a Tadeyo. A Tadeyo ndi munthu wofatsa. Amagawira ana mabisiketi. Koma pa Khirisimasi anali mfumu Herode m'sewero la tchalitchi. Anavala ndevu za thonje. Anakalipa mpaka makanda analira.

Tisunge anawayang'ana. Anawayang'ananso. Kenaka anaganiza.

Pobwerera, m'basi, anakoka dzanja la amayi.

"Amayi, kodi a Tadeyo ndi Herode?"

"Ayi, mwanangu. Linali sewero chabe."

"Nanga mkanjo wa Herode anasoka ndani?"

Amayi anatembenuka. Anayang'ana pawindo. Mkanjowo anasoka ndi iwo.

"Langanso ndi sewero chabe," anatero Tisunge. Misozi inalengeza. "Sindikufuna kuti munthu andipembedze. Ndikufuna inu mudzandione."

Amayi anapumira m'mwamba. Kenaka anaseka mpaka anthu m'basi anacheuka. Anati mwana ameneyu pakamwa anatengera azakhali ake.

Kunyumba amayi anatulutsa nsalu yoyera. Anayeza. Anadula. Anasoka. Analuka tsitsi la Tisunge, n'kuikamo mikanda.

Tsiku la sewero linafika. Tisunge anatulukira pamaso pa anthu. Ananena mawu ake onse. Sanaiwale ngakhale amodzi.

Makolo anaomba m'manja. Koma amayi a Tisunge anaimirira. Anaimba nthungululu, "Lululululu!" Holo yonse inadzidzimuka. Aphunzitsi anagwetsa magalasi.

"Ameneyo ndi wanga!" anakuwa amayi.

Aa, manyazi ake! Tisunge anayesa kukwiyanso. Anayesetsa ndithu. Zinamukanika.