Ampulifaya ya Faruku ndi Mpunga wa Mbewu

Mu Novembala wa 2023, Faruku, mwana wa a Abdulwahab a kufupi ndi mathiriro a Bua, adagulitsa mpunga wa mbewu wa amayi ake kuti agule ampulifaya. Anthu amaiwonjezera nkhaniyi poifotokoza, koma idayenda motere.

Pakhomo pawo padali pamtendere. Amayi ake, a Fauzia, ankadziwika ndi mpunga wa kilombero wonunkhira. Chaka chilichonse asadayambe kukolola, ankayenda m'munda kusankha ngala zabwino imodziimodzi, n'kuzipuntha padera. Mbewuyo inkakhala m'matumba awiri kuchipinda, ndipo ngakhale pa njala sankaikhudza.

Faruku ankapalasa kabaza pa Boma ndipo adali wolimbikira. Chidamulowa mumtima ndi zoimbira. Ankafuna kuti pa ukwati wa mlongo wake Habiba nyimbo zidzamveke mpaka kutsidya kwa mtsinje.

"Ndalama wasungazo uzigawe," adatero bambo ake. "Masipika ndi pakamwa chabe, mapapo ake ndi ampulifaya. Palinso mawaya ndi batire, poti kuno magetsi kulibe. Gula zazing'ono zokwanirana."

"Ndamva, ababa."

Adamva ndi makutu okha. Pamsika wa pa Boma, Percy wogulitsa zamagetsi adamulandira ndi manja awiri.

"Bwana kabaza, timawailesi iti asiyireni agogo. Tamvani izi!"

Adalumikiza masipika awiri ofika m'chiuno. Malata a okala adanjenjemera, ndipo Faruku adamva kugunda kwake m'chifuwa. Adapereka ndalama zonse.

Kunyumba adawalumikiza ku wailesi ya bambo ake. Masipikawo adalira ngati udzudzu wogwera mumtsuko. Habiba adaseka mpaka kukhala pansi.

"Achimwene, mwatigulira makabati? Zikomotu, tiziikamo mbale!"

Faruku adabwerera kwa Percy nkhope ili yakugwa.

"Ampulifaya ilipo," adatero Percy. "Koma mwana wa mlimi wa mpunga n'kumalira umphawi? Matumba angokhala phee m'nyumba kudikira makoswe. Mvula ili kutali, mudzabwezera."

Tsiku limene makolo ake adapita ku Kanyenda kukakambirana ndi akuchimuna, Faruku adakhuthulira mbewu ija m'matumba ena n'kukaigulitsa kwa a Sufiyani a pachigayo. M'matumba a amayi ake adathiramo mankhusu, n'kumanga bwinobwino. Madzulo adafika ndi ampulifaya ndi batire yobwereka, nanena kuti kabaza wayenda bwino sabata imeneyo.

Ukwati udakoma, zimenezo palibe angatsutse. Ashehe atamanga ukwati m'mawa, Faruku adatsegula nyimbo za makaswida, ndipo mawu adatuluka oyera ngati oimbawo aima pabwalo pomwepo. Azimayi adavina fumbi lili koboo. Asodzi adabwera ndi mabwato osaitanidwa. Ngakhale a Abdulwahab, amene savinavina, adaoneka akugwedeza mapewa.

Mpunga wawo wakudya sukadakwanira alendo onsewo, choncho a Abdulwahab adali atakagula wina wogaya kale kwa a Sufiyani. "Mbewu sitidya, ngakhale pa ukwati," adatero pokagulapo.

Alendo adauyamikira kwambiri. "Koma mpunga uwu! Fungo lokha munthu kukhuta!"

Faruku adaona amayi ake akuvundukula mphika waukulu. A Fauzia adatenga njere zingapo n'kuziyang'ana pachikhatho. Kenako adalowa kuchipinda kumene kudali matumba a mbewu aja. Mtima wa Faruku udagunda kuposa masipika aja.

A Fauzia adatuluka, nakonza mpango wawo, n'kuimba nthungululu yaitali. Adavina ndi mkwatibwi mpaka thukuta. Atatha adabwera kumene Faruku adakhala, mbale yodzaza ili m'manja.

"Idya, mwanangu," adatero motsitsa mawu, akumwetulirabe kuti alendo asadziwe. "Udye ndithu. Ndi mpunga wa chaka chamawa umenewu."

Faruku adalandira mbale ija n'kuiika pambali.

M'mawa mwake sadadikire kuitanidwa. Adagwada pakhonde n'kuulula zonse.

"Ndikaubweza, ababa."

"Ukaubweza kuchokera m'mimba mwa alendo?" adafunsa bambo ake. "Mpunga ukalowa m'chigayo sumeranso. Amayi akowa akhala akusankha mbewu imeneyi iwe usadabadwe."

Faruku adanyamula zoimbira zonse kubwerera nazo kwa Percy, amene adazigula pa theka la mtengo, uku akudandaula kuti zatha. Mbewu imene Faruku adagula pamsika ndi ndalamazo idali yosakanikirana, ina yaitali ina yaifupi, yopanda fungo.

Chidawapulumutsa ndi kupatsa kwa a Fauzia. Zaka za m'mbuyomo adagawirako mbewu mnansi wawo, a Fainess. Atamva nkhaniyi, a Fainess adabwera ndi beseni pamutu.

"Nayu mwana wanu uja, a Fauzia, wabwera kudzakuonani," adatero akulitula. Amayi awiriwo adaseka mpaka misozi.

Beseni limodzi lidangokwanira ngodya imodzi ya munda. Ngodya imeneyo Faruku adafesa nazale yekha, kuwokera yekha, n'kumaingitsa mbalame mpaka mawu kusasa. Habiba akabwera kudzacheza ankamukuwira ali patali: "Achimwene, kwezani voliyumu, mbalame sizikumva!"

Wachinyamata aliyense amve: gula zimene thumba lako likukwanitsa, ndipo usabe za pakhomo pa makolo ako ndi maganizo akuti udzabweza. Zilipo zinthu zimene ndalama sizibweza.

Lero kilombero wa a Fauzia wadzazanso theka la munda. Faruku ali ndi timasipika tiwiri tating'ono ndi ampulifaya yolingana nato, zogula ndi ndalama za kabaza. Nyimbo zake zimamveka pabwalo pokha, kutsidya sizifika. Matumba a mbewu ali kuchipinda komwe kuja, ndipo chitseko chake sichikhomedwa.