Mboni Yachiwiri

Telala anatuluka mu ofesi ya loya mdima utagwa kale, fayilo ili m'khwapa. M'mawa mwake kunali kukhoti. Bambo ake aang'ono anali atatulukira ndi wilo yonena kuti mkulu wawo, malemu bambo a Telala, anasiyira iwowo nyumba. Khoti likangovomereza pepalalo, mayi ake okalamba akanagona panja.

Loya anali atangokweza mapewa. "Mboni ziwiri zinasaina, mayi. Yoyamba ndi mlamu wa bambo anu aang'onowo, musataye nayo nthawi. Yachiwiri ndi wokonza mawotchi, koma palibe akudziwa komwe ali."

Mkaziyu mantha sankawadziwa. Munthu wozolowera kulimbana ndi akwati osintha maganizo diresi itasokedwa kale, manda angamuuze chiyani? Analowa njira yachidule yodutsa kumanda, nsapato zili gu! gu! ngati msilikali.

Atafika pakati anamva kaphokoso kumbuyo. Tiki... tiki... tiki...

Iye wotchi savala.

Anacheuka. Mkulu wina wa jekete lakale, kagalasi kakulendewera pakhosi, mawotchi atatu pamkono umodzi.

"Mwaswera bwanji, bambo?" anatero Telala, mawu ali chilili.

"Fayiloyo ikundilemera, mwana wanga."

"Ikulemereni inu bwanji? Wanyamula ndine."

"Muli dzina langa mmenemo. Ine nthawi sindinailakwitsepo. Werengani masiku."

Thupi linachita tsemwe. Mkuluyo anapatuka, n'kulowa pakati pa ziliza. Udzu sunagwedezeke. Masamba ouma sanalire.

Miyendo inati thawa. Koma anakumbukira mayi ake, mmene anapindira zovala dzulo lija ngati akusamuka kale. Mkwiyo unaposa mantha. Anatsatira.

Tiki... tiki...

Mkulu uja anaima pa chiliza china. Anagogodapo ndi chala, kawiri.

Tiki...

Zii!

Telala anayatsa tochi ya foni. Panalibe munthu! Mwala wokhawokha, ndi dzina losema. Anatsegula fayilo. Dzina lomwelo! Anawerenga tsiku la pa wilo. Anawerenga la pamwala. Anawerenganso, chala chili pa manambala ngati akuyeza nsalu.

Kenako anajambula chithunzi, n'kuwerama mwaulemu. "Zikomo, bambo. Gonani."

M'mawa, bambo aang'ono anafika kukhoti atavala suti yatsopano, akupereka moni ngakhale kwa alonda. Telala anapatsa loya foni, n'kupita kukakhala pambali pa bambo aang'onowo pa benchi.

"Bambo," ananong'ona, "wilo yanu ija inasainidwa chaka chatha, eti?"

"Chaka chatha, mwana wanga. Mboni zilipo."

"Zilipodi, ina ndinakumana nayo dzulo. Ndiuzeni, wokonza mawotchi uja munakamudzutsa bwanji? Munthu anaikidwa m'manda zaka zinayi zapitazo."